Ola Limene Abuluzi Amachoka pa Chipumi

Zilembo 16. FERRAGEM ndi zisanu ndi zitatu, LEONILDO ndi zisanu ndi zitatu, chilichonse chotalika mamita awiri, pa thanthwe la mamita 14 limene ife a ku Matundo timalitcha Chipumi. Mukakwera shapa, minibasi ya kuno, yopita ku Moatize, yang'anani kudzanja lamanja mukangodutsa pogulitsira makala. Muwerenga zilembo 11 zokha, kenako mzere wa tinta, penti yofiira, wotsika mpaka pansi ngati pamwambapo anapherapo mbuzi. Anthu amaloza n'kuseka. Ena amati wolembayo anali ataledzera. Ine ndimawamva tsiku ndi tsiku, chifukwa ndimagulitsa madzi ozizira ndi jelu, madzi oundana a m'mapepala, pokwerera shapa pomwepo, ndipo ndatopa kuyankha munthu mmodzimmodzi. Bola ndilembe kamodzi.

Wolembayo ndi a Tiyu Jacinto, ndipo mowa anasiya mu 1999.

Tiyu ndi amalume m'mayankhulidwe a kuno, koma si abale anga a magazi. Akazi awo, a Gracinda, ndi amayi anga ndi a mudzi umodzi ku Dómuè, ku Angónia, ndiye pamene ndinatsika ku Tete kudzayamba malonda ndinagona m'nyumba mwawo miyezi inayi. Mpaka lero ndikalowa pabwalo pawo sindiodira.

A Tiyu anabadwa mu 1978. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu nkhondo inawathamangitsira ku Dedza, ndipo kumeneko mwana wothawa kwawo sankasankha ntchito. Iwo ankaweta mbuzi za eni mudzi m'mapiri. Mbuzi ikakwera posakwereka, mwini wake safunsa kuti panali potani, amafunsa mbuzi yake. Umo ndi mmene anaphunzirira miyala. Zilembo anaphunzira pa sukulu ya pamsasa, koma kope linali limodzi la ana atatu, choncho phunziro ankalibwereza ndi khala pa matanthwe, mbuzi zikudya. Amati mwina mpaka pano ku Dedza kuli phanga lodzaza a e i o u. Anabwerera ku Dómuè mu 1993, analima chimanga ndi kachewere, anakwatira. Mu 2009, malasha a ku Moatize atatchuka, anatsika monga anatsikira anthu ambiri, napeza ntchito yolemba manumero pa magalimoto onyamula katundu. Mu 2016 ntchitoyo inatha. Anatsala ndi mapinseli asanu opakira tinta ndi chingwe chimodzi.

Kuyambira pamenepo alemba pa miyala 31 ya m'mbali mwa misewu yathu: mayina a mashopu, ayi, tinene maloja monga tinenera kuno, mafoni a okumba zitsime, vesi la mpingo wina. Ndinaiwerenga ndekha miyalayo. Pa zaka zisanu ndi zinayi sanagwepo, sanathyokepo ngakhale chala. Munthu wolemba pa thanthwe alibe chikwangwani, alibe khomo. Chimene amagulitsa ndi dzina lakuti uyu sagwa.

Mwala wa ku Tete si mwala wa ku Dedza, amatero kwa aliyense wofuna kumva. Kumtunda kuja mdani ndi mvula ndi ndere zoterera. Kuno mdani ndi dzuwa. Mu Outubro ndi Novembro, nthawi ya kaluma monga anenera eni dziko Anyungwe, wailesi imati kutentha kwafika magrau 42, 43, ndipo anthu amadandaula. Komatu umenewo ndi mpweya chabe. Thanthwe lakuda limamwa dzuwa ngati chiwaya.

Ndiye a Tiyu ali ndi malamulo awiri, ndipo onse safuna wotchi. Amayamba kukwera kukayera moti atha kuona mizere ya m'chikhatho chawo. Mu Novembro imeneyo ndi 4 ndi theka. Amasiya abuluzi akachoka. Dzuwa likangotuluka, abuluzi amatuluka m'ming'alu kudzaothera, makumi awiri, makumi atatu, atagona chafufumimba pa mwala. Kenako imafika nthawi amaimika miyendo kuti mimba isakhudze. Amayamba kukweza phazi ili, kukweza ilo. Ukayang'ana kumbali n'kubweza maso, thanthwe lonse lili zii. Pamenepo a Tiyu amatseka chitini, ngakhale chilembo chili pakati.

"Mwini nyumba wathawa m'nyumba mwake," amatero, "mlendo ukudikira chiyani?"

Amakwera opanda nsapato, kudzera mumng'alu wa m'mbali, zala za kumapazi zikufufuza pogwira. Akafika pamwamba amamanga chingwe ku mtengo, natsika nacho atakhala pa kathabwa, chitini cha tinta chili m'chiuno, mapazi ataponda khoma la mwala. Phazi limawauza za kutentha abuluzi asananene. Pa ndondomeko imeneyi amalemba zilembo zitatu m'mawa umodzi, kupaka kawiri. Amatinso tinta yopakidwa pa mwala wotentha imauma pamwamba pokha, mvula yoyamba ikagwa imasupuka ngati khungu la njoka.

Ntchito ya pa Chipumi ndinawapezera ndine. Ndiyambe ndavomera zimenezo.

A Leonildo ndi munthu wa ku Beira. Anagwira zaka 11 ku mgodi ngati woyang'anira chitetezo cha antchito, ndipo atasiya anamanga loja ya zitsulo, misomali ndi simenti pafupi ndi pokwerera shapa. Nthawi yomanga ankagula jelu kwa ine tsiku lililonse. Tsiku lina anayang'ana Chipumi nati dzina la munthu litakhala pamenepo lingaoneke kuchokera kutali. Sindinadikire kuti amalize. Ndinati ndikumudziwa mmisiri. Anakumana, anagwirizana, a Leonildo anati loja itsegulidwa Loweruka, nanyamuka kukatenga katundu ku Beira.

Lolemba a Tiyu analemba F, E, R. Lachiwiri R, A, G. Ine pofika ndi jelu wanga 7 ola ndinkawapeza ali m'mwamba akuimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo pofika 8 ndi theka anali pansi akutsuka mapinseli.

Lachiwiri madzulo a Leonildo anabwerako. Anaona zilembo zisanu ndi chimodzi zowongoka ngati za makina, anasangalala, anazijambula pa foni. Kenako mayi wina wa makala, pofuna kuyamikira, anawauza kuti mmisiri wawoyo ndi wodabwitsa, amakwera dzuwa lisanatuluke, wopanda nsapato. Dzuwa lisanalowe a Leonildo anali pabwalo la a Tiyu ndi thumba. Munali mabota a chitsulo kutsogolo, maluva, magolovesi achikopa a m'manja, chipewa cholimba, lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu wokolekera chingwe, ndi pepala la masamba atatu. Ine ndinalipo, ndinkathandiza a Gracinda kusadza masamba.

A Leonildo anayankhula Chipwitikizi, mofatsa. Anati ku mgodi anaona munthu akugwa kuchokera pamwamba pa mamita asanu ndi limodzi, ndipo ndiwo anatumidwa kukauza mkazi wake. Anati analumbira kuti pa ntchito yawo zimenezo sizidzachitika. Ndinawakhulupirira, ndipo ndikuwakhulupirirabe.

"Mestre, pa ntchito yanga munthu sakwera mumdima," anatero. "Tiyamba 8 ola, ine ndilipo, tonse tasaina."

"Patrau, 8 ola ndi nthawi yotsuka mapinseli."

A Tiyu anafotokoza za abuluzi. A Leonildo anamvetsera ngati munthu womvera mwana akusimba maloto. A Tiyu anati lamba avala, ndi wabwino, koma mabota ndi maola awasiyire. Zatsala zilembo khumi: zitatu Lachitatu, zitatu Lachinayi, zitatu Lachisanu, ndipo O womaliza amulemba Loweruka alendo asanamalize kusamba. A Leonildo anati chitetezo sachigula zidutswazidutswa ngati nsalu. Kaya zonse, kaya aitane munthu wina.

Apa ndi pamene ine ndinatsegula pakamwa. Ndinaona ntchito ikuthawa, ndipo mutu wanga suchedwa. Ndinati zilembo zitatu pa maola atatu ndi theka, ndiye kuti pa maola asanu ndi atatu ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, mwinanso zisanu ndi ziwiri. Masiku awiri ntchito yatha, Lachisanu n'kupuma.

"Tiyu, ndi masiku awiri okha. Madzi ndi jelu ndikupatsani ine."

A Tiyu anatembenukira kwa ine.

"Vanda, m'masamu akowo mulibe dzuwa."

Tonse tinaseka, inenso ndinaseka. A Tiyu anasaina. Pambuyo pake a Gracinda anandiuza chifukwa chake. Mwana wa m'nyumba, ndiye kuti ine, anali atayankhula pamaso pa mlendo, ndiponso ndiye anabweretsa mlendoyo, ndiye a Tiyu sanafune kundichititsa manyazi.

Lachitatu a Leonildo anafika 8 itadutsa ndi mphindi khumi. Anawerenga malamulo onse a papepala, anayesa mfundo iliyonse ya chingwe, anamangitsa chipewa. Mabota anali numero 43, phazi la a Tiyu ndi 40. Ndi mabota mumng'alu simulowa phazi, choncho anayenera kuzungulira njira ya kuseri kwa phiri, ulendo wa mphindi 15. Pinseli inakhudza mwala 9 ola. Abuluzi anali atachoka kalekale. Ndinawaona ndi maso anga akulowa, a Leonildo ali pa lamulo lachisanu.

A Tiyu analemba E ndi M. Itangodutsa 10 ola anatsika, maso ali psuu, anamwa malita awiri ataimirira, nati lero basi. A Leonildo anayang'ana wotchi. Sanawatengere pambali. Anayankhula pomwepo, shapa ziwiri zitaima, anthu akumva.

"Ku mgodi anthu amagwira maola 12 pa dzuwa lomweli. Menina uyu wa jelu anandiuza kuti ndinu mestre. Ndapeza madala woopa dzuwa."

Mateus, woyendetsa shapa, munthu amene pakamwa pake sipatsekeka, anatulutsa mutu pa zenera.

"Tiyu, mawa tikubweretsereni ambulera ndi mpando? Kapena tikukumbireni una pafupi ndi abale anu aja?"

Anthu anagwa nako kuseka. Pofika masana dzina linali litamera: Madala Buluzi. A Tiyu anavula mabota, nawamanga zingwe pamodzi, nawakoleka paphewa, ulendo wa kunyumba. Ine ndinali ndi makasitomala, ndinali kubweza chenji. Sindinawaikire kumbuyo, ndipo zimenezo ndimazikumbukira.

Lachinayi, pa 13 Novembro, kunacha kopanda kamphepo. Jelu wanga anayamba kulira m'bokosi ndisanagulitse ndi mmodzi yemwe. A Tiyu anatsika pa chingwe 9 ola monga dzulo lake. L anamaliza 10 isanakwane. Ndinapita pansi pa thanthwe n'kuitana kuti atsike amwe madzi. Sanatembenuke. E anamaliza 10 ndi theka itadutsa. A Leonildo anali pamthunzi wa galimoto yawo, akugwedeza mutu mokhutira, nandiuza kuti mwaona, munthu akafuna amatha. Ndinaitananso. Ndinaona kuti malaya a a Tiyu, amene anali atanyowa chonchi, aumanso kumsana, ndipo ndinaganiza kuti ndi bwino. Sindinkadziwa kuti thukuta likasiya ndiye kuti thupi lagonja.

O anamuzungulira pang'onopang'ono, ngati munthu wolemba ndi dzanja la mnzake. Pinseli inkaterereka m'maluva odzaza thukuta. Anawavula ndi mano n'kuwataya, limodzi linagwera pafupi ndi phazi langa. Kenaka, 11 itadutsa ndi mphindi 20, mphira wa pansi pa bota lakumanzere unamatuka. Ulimbo wake unali utasungunuka. Phazi linaterereka, kathabwa kanapendekeka, chitini chinakhuthuka, ndipo a Tiyu anazungulira pa chingwe nakaomba mwala. Anatsala akulendewera pa lamba, zikhatho ndi tsaya zitagunda thanthwe. Kawiri anayesa kudzikankha. Kenako manja anangokhala pomwepo.

Palibe wa ife akanatha kukwera mumng'alu. A Leonildo, Mateus ndi amuna awiri a makala anathamanga njira ya kuseri. Ndinawerenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Mphindi zisanu ndi ziwiri munthu ali pachiwaya, ife pansi tikungoitana dzina lake.

Atawatsitsa, khungu linali louma ndi lotentha ngati mphika. Ndinakhuthula bokosi lonse, mapepala 40 a jelu, m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, amayi a makala akukupiza ndi makatoni. Mateus anatsitsa anthu onse m'shapa yake, ena atalipira kale, nawolotsa a Tiyu pa mlatho wa Zambezi mpaka kuchipatala. Kumeneko anati jeluyo ndiye anawagulira nthawi. Zikhatho zonse ziwiri zinali matuza okhaokha, ena ataphulika kale.

Ndinene chilungamo, ngakhale chikundiwawa. Lamba wa a Leonildo ndiye anawagwira. Pa kathabwa kawo kokha, munthu wokomoka akanagwa mamita asanu ndi anayi. Zimenezo n'zoona. Koma ndani anawaika pa thanthwe 11 ola? Ukakankhira munthu m'Zambezi n'kumuponyera chingwe, usayembekeze kuti abale ake akuvinire.

A Leonildo anapita kuchipatala, anagula mankhwala, anapereka malipiro onse a ntchito ngakhale sinathe. Pa ndalama palibe mlandu. Mlandu uli pa pepala. Monga anazolowera ku mgodi, analemba lipoti la ngozi, naliika m'pulasitiki pa tebulo la m'loja, ndipo aliyense wofunsa za mzere wofiira uja amamuwerengera. Limati wantchito anavula maluva mophwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri. Limati anaonetsa chizungulire chimene chifukwa chake sichikudziwika. Mawu akuti dzuwa mulibe. Ndinaliwerenga kawiri kufunafuna.

Chifukwa chosadziwika. Ku Matundo mawu otere sagona masiku awiri. Pofika Loweruka, loja ikutsegulidwa ndi nyimbo, chifukwa chinali chitadziwika: kachasu. Wina anati anawaona akugula. Wina anati ndiye n'chifukwa chake ankakonda kukwera kusanache, kuti anthu asamve fungo. Dona Belmira, mwini padariya yophika buledi kuseri kwa msika, amene anali atalonjeza a Tiyu ntchito ya pa mwala wawo mu Dezembro, anatumiza uthenga kuti ayamba aganiza kaye. Wokumba zitsime wina anachita chimodzimodzi.

A Tiyu anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu. Patapita sabata ndinawapeza pakhonde, manja atakulungidwa ngati mitu iwiri ya kabichi, a Gracinda akuwamwetsa phala ndi supuni. Ndinagwada n'kupepesa. Anati ndidzuke, masamu anga analibe cholakwa, wopusa ndi munthu wa zaka 47 amene anakhala pa mwala chifukwa cha pakamwa pa Mateus. Za ululu sananene. Chimene ananena n'chakuti Lamulungu kutchalitchi mkulu wina, powapatsa moni, anasendeza mphuno pafupi ndi pakamwa pawo.

"Manja akapola ndibwerera ku Dómuè," anatero. "Kumeneko ndine wolima kachewere, koma sindine chidakwa."

A Gracinda anapitiriza kutakasa phala, osakweza maso. Mwana wawo wamkazi watsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sekondale kuno.

Ndinapita ku loja. Ndinapempha a Leonildo chinthu chimodzi, kuti awonjezere mzere umodzi pa pepala lawo wonena za kutentha kwa mwala. Anati iwo amalemba zimene zayezedwa, osati zimene anthu akumva. Ndinati bwerani 11 ola mudzaike dzanja pa Chipumi, mudzayeze. Anati si mwana kuti azikagwiragwira miyala.

"Menina, ine ndinachita zonse zimene buku limanena."

"Shefi, buku lanulo analilembera m'chipinda cha mpweya wozizira."

Anandiuza kuti ndituluke, pali makasitomala. Kuyambira tsiku limenelo jelu amagula kwina.

Zimene zayezedwa. Chabwino. Ndinachotsa choyezera kutentha m'firiji yanga, chimene chimalekera pa 50, n'kukachigoneka pa thanthwe 10 ola. Muvi unathamanga mpaka kumapeto, ndipo sunabwererenso mpaka lero. Ndinafunika china chachikulu, ndipo m'dera lathu lonse ndikudziwa chimodzi chokha, chitsulo chimene Dona Belmira amayezera uvuni wawo.

Anakana. Anati ndawotcha changa, tsopano ndikufuna ndikawotche chawo. Ndinabwera mawa lake, anakana. Tsiku lachitatu anati pakamwa panga pawatopetsa kuposa ufa wokwera mtengo, abwera okha, chitsulocho sichichoka m'manja mwawo. Anafika 8 ola buledi atatha, ndi ambulera ndi kampando, akutukwana dzuwa, ine ndi amayi anga. Anagoneka chitsulo pa mwala, nachitsindika ndi kamwala kena. Ine ndinali ndi kope.

Pa 8 ola, magrau 41, abuluzi 22. Pa 8 ndi mphindi 35, magrau 47, buluzi womaliza analowa. Dona Belmira anamuona, anangoti mhm. Ndinaganiza kuti anyamuka, koma anati afuna aone ola lenilenilo. Pa 10 ola, 59. Pa 11 ndi mphindi 20, 68.

Anachotsa magalasi, anapukuta, anawerenganso. Kenako anaika chikhatho pa mwala. Awa ndi mayi amene amatulutsa mathireyi mu uvuni ndi kansalu kopyapyala, koma powerenga sanafike pa zitatu.

"Pa moto wotere ine ndimasungunulira manteiga wopaka buledi," anatero. "Mwati anakhalapo mphindi zingati?"

Ndinati zisanu ndi ziwiri. Kenako anaona shapa ya Mateus itaima, ndipo anakuwa mpaka a makala anatembenuka.

"Iwe Mateus! Bwera kuno, mwamuna wa pakamwa. Ika dzanja apa uwerenge mpaka khumi, buledi wa mwezi wonse ndi wako."

Mateus anabwera akuseka, akuti buledi wa Dona ndi wouma koma waulere sakana. Anafika pa zinayi. Anatukwana m'Chinyungwe, akupemerera zala, kenako anayang'ana m'mwamba pamene pali O uja, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni anabwerera ku shapa yake osanena kanthu. Madzulo ake ndinamva kuti anafika kwa a Tiyu ndi nsomba za pende zisanu. Zimene anakambirana sindikudziwa.

Pa padariya pamadutsa anthu oposa 300 m'mawa uliwonse, ndipo Dona Belmira sapereka buledi wopanda nkhani. Tsopano pokwerera shapa munthu akati kachasu, pamakhala wina womuyankha kuti 68. Si onse amene amva. Dzulo lomweli bambo wina analoza mzere wofiira n'kupanga chala ngati botolo, ndipo ndinatsala pang'ono kumugenda ndi jelu. Pepala la a Leonildo likadali pa tebulo, m'pulasitiki mwake, opanda mzere wowonjezera. A Leonildo anaitana mnyamata wa ku tauni wokhala ndi zida zonse kuti amalize zilembo zisanu zija. Mnyamatayo anabwera 8 ola, anakhudza mwala 9 ola, anati adzabwera nyengo yozizira.

Dona Belmira anapita okha kwa a Tiyu kukanena kuti mwala wawo ukudikira. PADARIA zisanu ndi ziwiri, BELMIRA zisanu ndi ziwiri, zilembo 14. Ndinkayembekeza kuti a Tiyu asangalala. Anangofunsa kuti mwalawo wayang'ana kuti. Atamva kuti kumadzulo, anati umenewo ndi waulemu, m'mawa umachedwa kupsa. Za ku Dómuè sanatchulenso, koma sananenenso kuti asintha maganizo. A Gracinda akuti tiyambe taona mmene manja agwirire pinseli. Khungu latsopano ndi lofiira ndi lofewa ngati la khanda, ndipo mizere ya m'chikhatho chakumanja sikuonekanso bwino. A Tiyu akuti kukamayera aziyang'ana chikhatho chakumanzere.

Inenso ndalemba pepala langa, popeza ndaona kuti kuno pepala limaposa zaka zisanu ndi zinayi za munthu. Ndi tsamba limodzi, m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, mizere itatu. Mmisiri ayamba kukayera. Asiya abuluzi akachoka kapena ikakwana 8 ndi theka, chimene chayamba kufika. Lamba avala, nsapato ayi. Pansi pake ndaika manumero anayi aja ndi maola ake. A Tiyu atawerenga anati tsopano m'masamu mwanga mwalowa dzuwa, koma ndachedwa nalo. Dona Belmira asaina.

Zilembo 14, zitatu pa tsiku, ndi masiku asanu, ndipo sindidzawerenganso mwanjira ina. Lolemba pa 15 Dezembro, mvula ikapanda kugwa, 4 ndi theka ndikhala pansi pa mwala wa padariya ndi malita asanu a madzi, a Tiyu ayamba ndi P. Lachiwiri ndikatenga pepala lomweli kwa wokumba zitsime uja.